Pomwe Penti wa Achimwene Analekezera

Mukamadutsa mu msewu wathu, mukangopitirira malo omatira matayala, mudzaona nyumba imene khoma lake lakutsogolo ndi lobiriwira kuyambira pansi kulekeza m'chifuwa mwa munthu. Kumwamba konse ndi pulasitala yekhayekha, wotuwa ngati phulusa. Odutsa amaseka. Ena amati penti anawathera, ena amati wopentayo anathawa ntchito ili pakati. Ine ndikamva zimenezo magazi amawira, chifukwa nyumbayo ndi ya achimwene anga, ndipo munthu amene analekeza khoma limenelo pakati ndi yemweyo anapenta pafupifupi nyumba zonse za mu msewu muno, za osekawo zomwe.

Kuntchito amadziwika kuti a Andakoti. Dzinali analipeza chifukwa cha liuma limodzi lokha limene anali nalo pa moyo wawo wonse. Mwini nyumba akafuna kufulumira, n'kunena kuti pakani penti weniweniyo basi alendo akubwera, achimwene ankavula chipewa n'kuyankha mwaulemu kuti, "Andakoti kaye, bwana." Penti woyamba uja, wapansi, amene saoneka ntchito ikatha, kwa iwo ndiye anali ntchito yeniyeni. Ine dzina langa ndi Wailesi. Sindinalisankhe ndekha, koma sindilikananso. Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo makina anga ndi opalasa ndi mapazi. Ine ndi achimwene tinabadwa bere limodzi. Mayi athu ankati pogawa zinthu, pakamwa ponse panapita kwa ine, kupirira konse kunapita kwa achimwene. Ankanena moseka, osadziwa kuti kupirira kumeneko kudzamudula mwana wawo miyendo.

Achimwene anayamba ntchito ali mnyamata, akutsuka mabulashi a eni m'chitini cha thina mpaka zikhatho kusupuka. Makwerero awo anakhoma okha ndi matabwa otsala pa nyumba ina imene inkamangidwa, ndipo ankawanyamula paphewa kwinaku akupalasa njinga, zitini zikulendewera pa handulo. Munthu anali ndi miyendo ameneyu! Ankakwera makwerero chitini chodzaza chili kudzanja lino, bulashi kudzanja linalo, osagwira paliponse, ngati akuyenda pa msewu. Ovololo yawo inali ndi mitundu ya tauni yonse. Ukawafunsa ankaloza: chikasu ichi n'cha kusukulu, buluu uyu ndi wa kusiteshoni ya mabasi, chofiira ichi n'cha geti la mayi uja ankasintha maganizo m'mawa uliwonse. Ine nditagula makina anga, anabwera osaitanidwa n'kupenta tebulo lake, ndipo anandiletsa kusoka mpaka andakoti aume. Ndinalalata tsiku lonse kuti akundichedwetsa, koma penti wa tebulo limenelo sanakokolokebe mpaka lero.

Anali ndi malamulo awo a ntchito, ndipo tonse apakhomo tinawaloweza osafuna. Penti amayesedwa kaye pakona, chifukwa khoma lina limamwa, lina limakana. Chonena ndi khoma, osati chitini. Ndipo wopenta amayambira kumwamba kutsika pansi, kuti madontho azigwera pomwe sipanapentedwe. Akaona munthu wayambira pansi ankangopukusa mutu n'kudutsa osanena kanthu, chifukwa kudzudzula munthu sankakudziwa.

Vuto lawo linali lomwelo. Achimwene sanaphunzire mawu oti ayi, sanaphunzirenso mawu oti ndikumva kuwawa. Tsiku lina msomali unaboola nsapato n'kulowa m'phazi. Anauzula, n'kumaliza kaye khoma la mwini. Akaona munthu wovala gauni yoyera kapena tayi, chipewa chinkatsika chokha. Kaya akufa, ukawafunsa kuti muli bwanji, yankho linali limodzi: "Ndili bwino, kaya inu." Ine ndinkawauza kuti achimwene, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma inu mudzafera m'nyumba chitseko chili chotseka poopa kusokoneza anthu. Ankangoseka n'kumati, "A Wailesi, tsitsaniko voliyumu."

Anakwatira mayi wofatsa ngati iwo omwe, alamu anga, amene amaphika mu kantini ya pafakitale ya sopo. Ndi mabulashi omwewo anaphunzitsa mwana wawo wamwamuna mpaka analowa ntchito mu ofesi ya inshuwalansi, ndipo ife pakhomo timamutchula kuti Watayi. Si mwana woipa, ndisamunamizire. Bambo ake amawakonda, koma ndi munthu wokhulupirira kuti chilichonse chotuluka m'makina n'choona kuposa chotuluka pakamwa pa azakhali ake. Nyumba yawoyawo achimwene anaimanga pang'onopang'ono, koma kuipenta ayi. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Pomaliza anagula zitini za penti wobiriwira n'kuzisunga kunsi kwa bedi, akuti akangomaliza ntchito ya pa nyumba yosanja imene inkamangidwa pafupi ndi msika, ayamba yawo.

Watayi ndiye anawatengera kuchipatala cholipira kuti akawapime thupi lonse, akuti bambo akukula. Kumeneko anapeza kuti mafuta m'magazi achuluka, zimene akuti zimatseka mitsempha ya mtima, n'kuwapatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse. Ine nditapita kukacheza Lamlungu masana ndinaona kabokosi kake pa tebulo, pafupi ndi fulasiki ya tiyi. Ndinkakadziwa kabokosi kameneko. Chaka cham'mbuyo mwake inenso anandipatsa omwewo kuchipatala china, ndipo pasanapite nthawi ntchafu zanga zinkawawa ngati andimenya ndi mpini. Kupalasa makina kunandikanika, madiresi a anthu anaunjikana. Nditabwerera kukanena, namwino anati ndi ukalamba. Ndinayatsa wailesi yonse pa windo pomwepo mpaka dokotala anatuluka n'kundisinthira mankhwala, ndipo miyendo yanga inabwerera.

"Achimwene, awa musamwe musanakawauze kuti mlongo wanu mankhwalawa anamukana," ndinatero. "Magazi athu ndi amodzi. Ine anandithyola miyendo amenewa."

"Azakhali, udokotala munauyamba liti?" anatero Watayi, maso ali pa foni. "Aliyense akamatsatira zimene zinachitikira azakhali ake, ndiye zipatala zingotsekedwa."

Alamu nawo anandigwira mkono. "Alamu, musawaopseze. Aneba athu a kubutchala amamwa omwewa, taonani mmene akunyamulira miyendo ya ng'ombe."

Zinali zoona, wa kubutchala uja ankamwa ndipo anali bwinobwino, mpaka lero ali bwino. Koma wa kubutchala sanabadwe kwa mayi athu. Achimwene anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti tiyi akuzizira.

Zinayamba pang'onopang'ono. Alamu ankaika piritsi pambali pa kapu ya madzi tsiku lililonse, mwachikondi ndithu, ndipo achimwene ankameza osaphonya. Podzuka pampando anayamba kugwira tebulo. Kenako mkono unayamba kukana kukweza rola yopentera kusiling'i, ankapaka pang'ono n'kutsitsa, kupuma. Ku nyumba yosanja kuja, kapitawo woyang'anira ntchito anawaona akukwera masitepe mogwira khoma, n'kuyamba kufalitsa kuti a Andakoti ayamba kuledzera m'mawa. Kuledzera! Munthu woti ngakhale pa ukwati wawo womwe anamwa madzi. Anawatsitsa pa makwerero n'kuwapatsa sandipepa kuti azikwecha makoma apansi, ntchito imene anaisiya ali mnyamata.

Nditamva ndinapita komweko, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Kapitawo uja ndinamupeza atakhala pa matumba a simenti, ndipo ndinamufunsa pamaso pa antchito ake onse ngati anawanunkhizapo achimwene pakamwa. Iye anangoti, "Mayi, ine sindipima anthu, ndimaona ntchito. Munthu akudzandira, ndimupatse makwerero?" Ndisanamuyankhe achimwene anatulukira, fumbi loyera lili m'tsitsi ndi m'nsidze, chipewa chili m'manja. Anapepesa kwa kapitawo chifukwa cha phokoso langa. Kwa munthu wowatukwana! Pondiperekeza kugeti ndinawauza kuti ndi mapiritsi aja akuwadya, ndipo anati akakapita kuchipatala akanena.

Sanakanene. Tsiku lobwerera kuchipatala litakwana anavala jekete, ndipo alamu ndiwo anandifotokozera mmene zinayendera. Dokotala anafunsa, maso ali pa kompyuta, kuti bambo muli bwanji. Achimwene anati ali bwino. Dokotala anati mafuta atsika kwambiri, mankhwala akugwira ntchito, pitirizani. Achimwene anathokoza, n'kudzuka pampando mogwira khoma dokotalayo akuitana wotsatira. Palibe anafunsa za miyendo, ndipo mwini miyendo sanaitchule.

M'mawa wina alamu anafika pakhonde panga atavala epuloni ya kukantini. Anati mkodzo wa achimwene wasanduka ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo akulephera kuimirira. Ndinasiya siketi ya mwini ili pa singano. Kuchipatala anawaika madilipi, n'kutiuza kuti minofu yawo inkaphwanyika ndipo zinyalala zake zinkatseka impso. Mapiritsi aja anawaimitsa tsiku lomwelo. Patapita masabata achimwene anayamba kuyenda okha, kenako kupalasa njinga, kenako ndinawaona ali pa makwerero akukonza ngalande ya madzi a padenga. Ndinkayesa nkhani yathera pomwepo.

Koma Watayi zinamuwawa kuti Wailesi ananena zoona. Anamva kuti kuli njira yopimira malovu a munthu kuti aone ngati anabadwa ndi thupi losagwirizana ndi mankhwala amenewa. Anawatengeranso bambo ake kuchipatala cholipira chija, anawakwecha m'kamwa ndi kathonje, n'kutumiza kunja. Yankho litabwera linati chimene ankafufuzacho sanachipeze. Dokotala wa kumeneko anati ndiye kuti mwina vuto silinali mapiritsi, mwina kunali kugwira ntchito yolemetsa padzuwa osamwa madzi. Anati mtima wa bambo uli pachiswe, ayambirenso kumwa.

Watayi anabwera nako kabokosi katsopano ngati wabwera ndi chikho cha mpira. Ine ndinali pomwepo, ndikupinda makatani a alamu.

"Azakhali, sayansi yayankha," anatero. "Magazi a banja lathu alibe vuto lililonse. Zija zinangochitika."

"Zinangochitika? Atayamba kumwa anagwa, atasiya anadzuka. Ine chimodzimodzi. Ukufunanso umboni wanji, maliro?"

"Makina samanama, azakhali."

"Makinawo anawaona bambo ako akukwawa kupita kuchimbudzi? Ine ndinawaona ndi maso angawa!"

Ndinatembenukira kwa achimwene. "Si inu mumati chonena ndi khoma, osati chitini? Khoma lanu lanena kale. Langa linanenanso. Mukumveranji chitini?"

Achimwene anatenga kabokosi kaja m'manja. Watayi nkhope inali itagwa ngati mmene ankachitira ali mwana akalephera mayeso, ndipo ndinaona bambo ake akumuyang'ana. M'pamene ndinadziwa kuti mlandu wandigomera.

"Achemwali," anatero achimwene, "thupi si khoma. Anthuwa anaphunzira, ndipo mwanayu wavutika nane. Ine ndikane ndine yani?"

Anatsegula kabokosi n'kumeza piritsi ndi madzi pamaso pathu, kuti mwana wawo asachite manyazi ndiponso kuti phokoso lithe m'nyumba. Ndinaponya makatani pansi n'kutuluka, ndipo chitseko ndinachimenyetsa mpaka galasi linalira.

Ndinakhala kanthawi osapondako, poti mkwiyo wanga suzizira msanga. Ntchito ya pa nyumba yosanja inali itapita kwa ena, ndipo ndinamva kuti achimwene atulutsa zitini zija kunsi kwa bedi, ayamba kupenta nyumba yawo. Chibale n'fupa, sichiola. Loweruka lina masana ndinavundikira makina n'kupita kukaona.

Ndinaima pageti. Makwerero anali atagona m'mbali mwa mpanda. Achimwene anali atakhala pa chitini chozondotsa, akupaka khoma lakutsogolo mosamala ngati kale, andakoti atauma, wobiriwira akuyenda pamwamba pake. Koma anali atayambira pansi. Munthu amene moyo wake wonse ankapukusira mutu oyambira pansi anali atayambira pansi, n'kumakwera mpaka pomwe mkono unkafika, kumwamba konse kuli pulasitala.

"Achimwene, wopenta anayamba liti kuyambira pansi?"

"Aa, achemwali, mwabwera? Lowani, alamu anu ali m'nyumbamo."

"Ndafunsa funso. Miyendo ili bwanji?"

"Ndili bwino."

Ndinadzutsa makwerero ndekha n'kuwatsamiritsa kukhoma. "Kwerani. Thabwa limodzi lokha, ine ndizipita kwathu."

Anadzuka mogwira zenera. Anaika phazi pa thabwa loyamba, manja onse atagwira makwerero, n'kudzikoka. Thupi silinanyamuke. Anayesanso, mitsempha ya m'khosi itatuluka, kenako miyendo inangopindika, n'kukhala pansi m'fumbi, bulashi ikudonthera pa ovololo. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Musamuuze mwana, akhumudwa."

Ulendo uno tinapita kuchipatala chachikulu, ndipo zinali zoipa kuposa poyamba. Impso zinaima, mpaka anawalumikiza ku makina otsuka magazi kwa nthawi ndithu. Impsozo zinadzayambanso kugwira ntchito, ngakhale moperewera, koma miyendo inabwerera ya munthu wina, yoonda, yonjenjemera, yofuna ndodo.

Mu wodi imeneyo munkabwera dokotala wina wamkazi, wa imvi kutsogolo kwa mutu, amene ntchito yake ndi kufufuza chifukwa chake mankhwala amodzi omwewo amachiza uyu n'kuvulaza uyo. Iye ndiye anali woyamba kufunsa funso limene ndinkalidikira kuyambira pachiyambi: kodi pabanja panu alipo wina amene mankhwala amenewa anamuvuta? Ndinatsala pang'ono kumukumbatira, ndinatsalanso pang'ono kumumenya ndi chikwama. Anatiitanira m'kachipinda ka mipando yapulasitiki, ine, alamu ndi Watayi.

"Mankhwala amenewa amagwira ntchito m'chiwindi," anatero dokotalayo. "Kuti achoke m'magazi n'kulowa m'chiwindimo, pali tinthu ting'onoting'ono timene timawanyamula, ngati onyamula katundu pageti la fakitale. Kapangidwe ka tinthu timeneti munthu amatengera kwa makolo ake. Kwa anthu ambiri timagwira bwino ntchito, ndipo mapiritsiwa apulumutsa mitima yambiri, zimenezo musakayike. Koma kwa ena timanyamula mochedwa, mankhwala amaunjikana m'magazi, n'kuyamba kuwononga minofu."

"Koma tinapimitsa," anatero Watayi, mawu ali pansi. "Anati palibe."

"Anati chimene ankafufuzacho palibe. Kupima kuja kumayang'ana kusintha kumodzi kodziwika bwino, kumene kunapezeka mwa anthu amene kafukufuku wambiri anachitikira pakati pawo, mitundu ya kutali ndi kuno. Mwa anthu a mtundu wathu kusintha kumeneko sikupezeka kawirikawiri. Ife tili ndi kusintha kwina kumene kupima kuja sikuyang'ana n'komwe, ndipo kwina sitinakumvetsebe chifukwa ndi ochepa anavutikapo kutiphunzira. Sindinganene motsimikiza chimene bambowa ali nacho mpaka titafufuza. Koma munthu akavulala ndi mankhwala, n'kuchira atasiya, mlongo wake chimodzimodzi, zimenezo zinayenera kulemera kuposa yankho la makina."

Apa wailesi inayaka yokha. "Ndiye mukundiuza kuti anatenga muyeso wa munthu wina wa kutsidya kwa nyanja n'kusokera achimwene anga malaya? Ine ndikasoka diresi ndi muyeso wa mayi wina, mwiniwake amandiponyera kumaso! Inu mwasoka, malaya amufinya munthu mpaka impso kuima, ndiye mukuti pepani sitinakuphunzireni? Pogulitsa mapiritsi njira ya kwathu mumaidziwa, koma pofufuza ndiye tili kutali?"

Dokotalayo sanadziteteze. Anati ndikunena zoona, ndipo n'chifukwa chake akupempha malovu a achimwene, anga ndi a Watayi, kuti obwera m'mbuyomu asadzapimidwe ndi muyeso wa eni. Ndinamupatsa, koma ndinamuuza kuti ndikuperekera zidzukulu, asayese kuti mtima wanga watsika. Titabwerera mu wodi, achimwene, ali gone mapaipi ali m'mikono, anamuthokoza dokotalayo chifukwa chotaya nawo nthawi.

Anthu amandifunsa kuti Wailesi, makamaka wakwiyira ndani? Ndakwiyira dokotala amene ankayang'ana kompyuta munthu akudzuka mogwira khoma pamaso pake. Ndakwiyira kapitawo amene anasandutsa achimwene chidakwa, ndipo mpaka lero sanabwere kudzapepesa. Ndakwiyira anthu amene sindidzawaona n'komwe, amene anapima mitundu yawo yokha n'kulengeza kuti apima munthu. Watayi ndinamukwiyira mpaka ndinatopa, poti mwanayu ankakhala pa benchi ya kuchipatala tsiku lonse tayi itapotoka, osadya, osalankhula. Koma amene ndawakwiyira kwambiri, Mulungu andikhululukire, ndi achimwene eni ake, amene anapereka miyendo yawo kuti pasapezeke wochita manyazi. Ndinkafuna kuwagwedeza mpaka chipewacho chigwe, koma madzi akatayika saoleka.

Atatuluka m'chipatala ankakhala pampando pakhonde, ndodo ili pambali. Makwerero anabwerera m'mbali mwa mpanda, udzu n'kuyamba kumera pakati pa matabwa ake. M'mawa wina wa Loweruka Watayi anafika pa galimoto ndi amuna awiri ovala maovololo atsopano, atanyamula zitini za wobiriwira yemwe uja. Anati akufuna amalizitse khoma, bambo asamaone chinthu chowakumbutsa. Ine ndinali pakhondepo ndikusokerera mabatani pa malaya a achimwene. Potsitsa zitini chitseko cha galimoto chinatsala chotsegula, ndipo pa mpando wakutsogolo panali kabokosi ka mapiritsi omwe aja. Ndinakaona ine, anakaonanso achimwene.

"N'kako?" anafunsa bambo ake.

Watayi anakanda m'mutu. Anati kuntchito kwawo kunabwera opima, apeza kuti nayenso mafuta achuluka, ndipo amupatsa dzulo, sanayambe kumwa. Anati ankafuna kuwauza za bambo ake, koma mzere unali wautali, dokotalayo ankaoneka wotanganidwa, ndiye anangothokoza n'kutuluka.

Ndinatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba chibadwire achimwene ananditsogolera. Wamkulu wa openta aja anali atafika pakhonde chipewa chili m'manja, poti dzina la a Andakoti amalidziwa aliyense wogwira bulashi m'tauni muno.

"Muli bwanji, bambo?" anapereka moni wopentayo.

"Sindili bwino," anatero achimwene. "Miyendo yanga inatha. Pepani mwavutika, koma khoma ili musalikhudze."

"Bambo, ine ndimangofuna ndikuthandizeni," anatero Watayi.

"Ayi." Mawuwo anatuluka movutikira, ngati chivundikiro cha chitini chimene chakhalitsa osatsegulidwa. "Bweza zitinizo. Tenga kabokosi kako upite kwa mayi dokotala uja anatenga malovu athu, ukamukumbutse kuti ndiwe mwana wa ndani. Mzere ukatalika, udikire. Akatanganidwa, ulankhule ngati azakhali akowa. Khomali likhala chonchi, kuti nthawi iliyonse ukafika pakhomo pano uziona pomwe kufatsa kunandifikitsa."

Openta aja anabweza zitini m'galimoto. Watayi anaima nthawi yaitali akuyang'ana mzere umene wobiriwira analekezera, wowongoka ngati wojambula ndi rula, chifukwa ngakhale atakhala pa chitini achimwene sankadziwa kupenta mokhota. Kenako anatenga kabokosi kaja n'kukaika m'thumba la jekete, n'kundifunsa ngati ndingamuperekeze Lolemba.

Ndinamuperekeza, koma pakamwa panga sipanafunike kwenikweni, analankhula yekha. Khoma likadali mmene linalili. Amene akufuna kuseka aseke, koma asekere patali, chifukwa ine sizasi ndimayenda nayo.